BOTOLO LA MLENDO NDI ZIPATSO ZA KWATHU: LUSO LAGONA PA MUYESO

Mwezi wa Disembala ukafika, mabasi ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi amadzaza ndi ana athu amene ali kubwera kudzaona makolo. Akaoloka ulalo wa Luangwa, ena amatsikira pa Kacholola, ena pa Nyimba, ena pa Minga, ndipo ena amapitirira kufikira pa mphambano ya Petauke. M'zikwama mwao mumakhala shuga, sopo, mafuta ophikira ndi citenje ca amai. Koma pansi pa zonsezi, lokulungidwa bwino m'malaya, kawirikawiri mumakhala botolo limodzi la mowa waukali wa m'sitolo, kaya ndi jini, brande, ramu kapena wisiki, lakuti atate ndi amalume alaweko za m'tauni.

Cimene cimacitika pambuyo pake tonse ticidziwa. Madzulo amuna amakhala pansi pa mtengo wa mango, botolo lija amalitsegula, nayamba kupatsirana m'kapu imodzi, kulimwa louma monga momwe amamwera kacasu. Ola lisanathe, botolo lagona pansi lopanda kanthu. Ndalama zimene mwana anavutikira zatha popanda munthu kumva ndi kukoma komwe, alendo ena sanalaweko, ndipo nthawi zina cikondwerero cimathera pa bwalo la amfumu.

Lero tifuna kukamba za njira ina yolandirira botolo lotere. Botolo lomwelo, likasakanizidwa mwanzeru ndi masau, bwemba, malambe kapena nthoci, lingathe kukwanira matambula 30, ndipo aliyense angabwerere kwao ndi miyendo yake. Koma tinene poyambirira pomwe kuti nkhani yonse yagona pa muyeso. Wosakaniza wopanda muyeso ndi woopsa koposa wogawa mowa wouma.

MWAMBO UMENEWU UNACOKERA KUTI

Cakumwa cosakaniza cotere pa Cizungu amati cocktail. Mau amenewa anamasuliridwa koyamba m'caka ca 1806 m'nyuzipepa ina ya m'tauni ya Hudson, ku New York m'dziko la America. Nyuzipepayo inachula zinthu zinai: mowa waukali, shuga, madzi ndi madontho a mankhwala owawa a zitsamba. Kufikira lero maziko ndi omwewo. Pafunika caukali pang'ono, cotsekemera, cowawasa kapena cowawa, ndi madzi ambiri ozimitsa ukali. Zina zonse zimene tiona m'mahotela, monga matambula a miyendo yaitali ndi masamba oyandama pamwamba, ndi zokometsera maso cabe.

Msakanizo wina wochuka, wa jini ndi toniki, unayamba ndi Angerezi amene anali ku India. Iwo anali kumwa kwinini pofuna kupewa malungo, ndipo popeza kwinini ndi wowawa kwambiri, anayamba kuthiramo shuga, madzi, ndimu ndi jini. Apa ticenjeze awerengi athu: toniki wa m'mabotolo a masiku ano ali ndi kwinini wocepa zedi, ndipo saciza kapena kuchinga malungo. Wodwala malungo apite kucipatala kukapimitsa magazi.

Nkhani ina ili pafupi ndi ife koposa. Maboma a Nyimba ndi Petauke acita malire ndi cigawo ca Tete ca dziko la Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anali kale ndi malo a malonda ku Zumbo, kumene Luangwa athira m'Zambezi. Odziwa zinenero amati dzina lakuti kacasu linacokera ku mau a Cipwitikizi akuti cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brazil. Kumeneko mowawu unali wa akapolo ndi amphawi, ndipo m'zaka za m'ma 1600 mfumu ya ku Portugal inauletsa. Lero cachaça aphikidwa ndi cilolezo, ukali wake uli ndi malire oikidwa ndi lamulo, ndipo akasakanizidwa ndi ndimu, shuga ndi madzi oundana achedwa caipirinha, cakumwa cimene dziko la Brazil linyadira naco. Cimene cinasintha si nzimbe ai, koma ukhondo ndi muyeso.

Comweco ndi mfula, mtengo umene ana athu a m'cigwa ca Luangwa amatola zipatso zake pansi. Ku South Africa anatenga cipatso comweci napanga cakumwa ca mkaka cochedwa Amarula, cimene cinayamba kugulitsidwa m'caka ca 1989, ndipo lero cipezeka m'maiko ambiri pa mtengo wokwera. Tsono munthu wa ku Nyimba akagula botolo la Amarula, agula kukoma kwa mtengo umene uli kuseri kwa munda wake.

MUYESO NDIWO MWINI NKHANI

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Pa botolo lililonse lololedwa pamalembedwa nambala yosonyeza ukali wake. Jini, brande, ramu, vodika ndi wisiki zambiri zili ndi ukali wa magawo 40 pa 100 alionse, kapena pafupi ndi pamenepo. Vinyo ali ndi magawo 12 kapena 13, pamene mowa wa m'mabotolo monga Mosi uli ndi magawo 4 kapena 5. Motero botolo limodzi la brande la mamililita 750 lili ndi ukali wofanana ndi mabotolo a Mosi pafupifupi 20. Amuna anai akalimaliza m'ola limodzi, aliyense wamwa mabotolo asanu a mowa osapuma.

Muyeso wa m'mabala, umene amati toti, ndi mamililita 25, ndiko kuti masupuni aakulu awiri osadzaza kwenikweni. M'botolo la mamililita 750 muli matoti 30. Mukathira toti imodzi m'tambula ya mamililita 200 ndi kudzaza ndi madzi a zipatso, ukali umatsika kufika pa magawo 5, monga mowa wamba. Uwu ndiwo muyeso umene tidzatsata m'nkhani yonseyi: toti imodzi, tambula imodzi. Ciwindi ca munthu wamkulu cimatenga pafupifupi ola lathunthu kuti cicotse toti imodzi m'magazi, ndipo khofi, kusamba madzi ozizira kapena kuvina sizifulumizitsa nchito imeneyi.

Ena amaganiza kuti botolo la mtengo wapatali sililedzeretsa moipa. Zoona zake ndi zakuti mtengo umakwera cifukwa ca zaka zimene mowa wakhala m'migolo ya matabwa, msonkho ndi ulendo wake. Mwacitsanzo, lamulo la ku Scotland lifuna kuti wisiki wa kumeneko akhale m'mgolo zaka zosacepera zitatu. Zaka zimenezi zimakometsa fungo, koma ukali ndi womwewo, ndipo ciwindi sicidziwa mtengo wa botolo. Ngati mwana wabwera ndi wisiki wotere, musaononge fungo lake ndi shuga wambiri. Thirani toti imodzi ndi madzi oyera, mumwe pang'onopang'ono. Posakaniza ndi zipatso, botolo la mtengo wapakati la jini, vodika, ramu kapena mowa woyera wa nzimbe likwanira, malinga ngati lagulidwa m'sitolo ya cilolezo, lili lomata bwino, ndipo dzina la opanga ndi ukali wake zalembedwa.

M'masitolo muli tsopano mabotolo a mowa waukali wonunkhira zipatso, wina wa ndimu, wina wa cinanazi, wina wa apulo. Ambiri a iwo fungo lao ndi la mankhwala okometsera ndi shuga. Ife amene tili ndi zipatso zenizeni pakhomo tingathe kucita bwino koposa.

ZA M'MUNDA NDI ZA M'CHIRE

Coyamba konzani manyuci, pakuti shuga wouma sasungunuka bwino m'cakumwa cozizira. Wiritsani kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi kufikira shuga atasungunuka, muziziritse, ndi kusunga m'botolo lotsuka ndi madzi otentha. Amene ali ndi ming'oma ya njuci angathe kusungunula uci m'madzi ofunda m'malo mwa shuga. Ngati mulibe firiji, konzani manyuci ongokwanira masiku awiri kapena atatu.

Bwemba, amene ana a m'tauni amati kawawasha, ndiye mfumu ya zowawasa. Menyani makoko, viikani dzanja limodzi la bwemba m'makapu awiri a madzi owira kwa theka la ola, fikisani ndi supuni, ndi kusefa pa nsalu yoyera. M'tambula thirani toti imodzi ya ramu kapena mowa wa nzimbe, supuni imodzi ya manyuci, theka la tambula la madzi a bwemba, ndi kudzaza ndi soda kapena madzi ozizira. M'nyengo yotentha ya Okutobala palibe cakumwa ca m'sitolo cingapambane ici.

Masau, amene amacuruka m'cigwa m'miyezi ya cisanu ndipo amagulitsidwa pa ulalo wa Luangwa, afuna kudekha. Sankhani ouma bwino opanda nkhungu ndi mphutsi, atsukeni, muwaumitsenso padzuwa. Ikani m'botolo la galasi kufikira gawo limodzi la magawo atatu, thirani vodika kapena mowa wa nzimbe wa m'sitolo kufikira masau onse atamira, tsekani, ndi kuika pa malo a mdima kwa milungu iwiri kapena itatu, mukumagwedeza masiku ena. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukasefa mudzapeza mowa wofiirira wonunkhira masau. Kumbukirani kuti ukali wake sunacepe kwenikweni: toti imodzi, madzi a theka la ndimu, supuni ya manyuci, ndi madzi odzaza tambula.

Malambe amayenda ndi mkaka, monga amai onse adziwa. Viikani malambe m'madzi ofunda owiritsa, fikisani, cotsani njere ndi luzi, sakanizani ndi mkaka wowiritsa ndi uci kufikira zitakhala ngati phala lamadzimadzi. Toti imodzi ya brande m'tambula ya zimenezi ipereka cakumwa cofanana ndi zija za mkaka za mtengo wapatali. Cakumwa ici cikonzedwe ndi kumwedwa tsiku lomwelo, pakuti mkaka sucedwa kuonongeka.

Nthoci ndiwo ulemu wa Nyimba, ndipo palibe basi imaima pamenepo osanyamula mkoko. Zimene zapsa kwambiri kotero kuti apaulendo sazifuna ndizo zabwino pa nchito imeneyi. Kanyani nthoci imodzi ndi foloko, finyiranimo ndimu kuti isade, thirani madzi ozizira ndi toti imodzi ya ramu, ndipo gwedezani zonse m'botolo la kukamwa kwakukuru lotseka bwino. Shuga safunika. Mango a Disembala angakonzedwe mwa njira yomweyi atasefedwa kucotsa luzi.

Cidede, cimene ena amati lumanda, sicili ndiwo cabe. Makoko ake ofiira, akaumitsidwa ndi kuviikidwa m'madzi owira pamodzi ndi kacidutswa ka jinja, amapereka madzi ofiira ngati vinyo, owawasa bwino. Thiranimo manyuci ndi toti imodzi ya jini. Pa ukwati, cakumwa ici cimakongoletsa thebulo popanda kugula zokometsera za m'sitolo.

Kumudzi madzi oundana sapezeka kawirikawiri, koma mtsuko wadothi woikidwa pa mthunzi, kapena botolo lokulungidwa m'saka yonyowa pamalo opita mphepo, ziziziritsa mokwanira. Madzi onse akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya m'zaka za 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo toti imodzi m'tambula siingathe kupha tizirombo ta m'madzi oipa.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuopsa kwa cakumwa cosakaniza ndi kwakuti shuga ndi zipatso zimabisa ukali. Mowa wouma umaotcha pakhosi ndi kucenjeza womwa, koma wotsekemera umatsika ngati thobwa. Dziko lathu linaphunzira kale zimenezi pa nkhani ya tujilijili, timapaketi ta mowa waukali totsika mtengo, timene tinalowa m'matumba a ana a sukulu ndi a oyendetsa magalimoto. M'mwezi wa Epulo 2012 Boma, kupyolera mwa Professor Nkandu Luo amene panthawiyo anali Nduna ya Maboma Aang'ono, linaletsa kupanga ndi kugulitsa timapaketi timeneti. Tisabweretse tujilijili m'nyumba zathu m'dzina la cocktail.

Ena adzafunsa kuti: bwanji osangotenga kacasu wa pamudzi, amene ndi wotsika mtengo, ndi kusakaniza ndi bwemba? Tidziwa kuti amai ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama za mgolo wa kacasu, ndipo sitiwanyoza. Koma lamulo la dziko lino sililola kuphika kapena kugulitsa mowa waukali popanda cilolezo, ndipo pansi pa lamulo la Liquor Licensing Act la caka ca 2011 zilolezo za malonda a mowa zimaperekedwa ndi makhonsolo. Kuonjezera apo, kacasu alibe nambala. Woyamba kudontha, amene amati mutu, angakhale waukali koposa brande, pamene wotsiriza ndi wosukuluka. Munthu sangayese cimene sadziwa ukali wake. Ndiponso mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena mafuta a galimoto, ndi paipi yomatidwa ndi mtovu, zingathe kuika poizoni m'mowa.

Coopsa koposa ndi methanol, mtundu wa mowa umene suli wakumwa. Umapezeka wocepa m'zipatso zosasa, koma imfa zambiri padziko lapansi zimadza pamene ogulitsa aumbombo athira spiriti ya m'mafakitale m'mowa kuti ucuruke. Mamililita 10 a methanol, osakwana supuni yaikuru imodzi, angathe kucititsa khungu, ndipo mamililita 30 angathe kupha munthu. Lilime silingausiyanitse ndi mowa wabwino, makamaka m'kati mwa zotsekemera. Zizindikiro zimacedwa, kawirikawiri maola 12 kufikira 24: mutu waukuru, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira ndi kuona ngati nkhungu. Munthu wotere musamgoneke kuti matsire athe. Mthamangitseni ku cipatala ca Nyimba, ca Minga, ca Kalindawalo, ca Petauke kapena ciriconse capafupi, ndipo nyamulani cotsala ca cakumwaco kuti adotolo acione.

Ngakhale mowa wa masese ufuna cisamaliro. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'cigawo ca Tete, anthu amene anacokera ku maliro anamwa mowa wa ufa wa cimanga, ndipo anthu 75 anamwalira, pamodzi ndi mai amene anaufulula. Poyamba mphekesera zinati wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atapima anapeza kuti panalibe mfiti kapena mdani: ufa unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo tizirombo tinameramo ndi kupanga poizoni amene samafa ngakhale pa moto. Phunziro lake likhudza aliyense wokonza cakumwa, kaya ndi thobwa, mowa wa dima kapena botolo la masau. Ufa wonyowa, cimera ca nkhungu ndi zipatso zoola zitayidwe. Safunsa anadya phula: funsani kumene mowa wacokera musanaupereke kwa alendo anu.

TAMBULA YA ALIYENSE

Ubwino waukuru wa njira imeneyi ndi wakuti cakumwa ciriconse tachula pamwambapa cimakoma ngakhale popanda toti. Madzi a bwemba ndi soda, cidede ndi jinja, malambe ndi uci, nthoci ndi ndimu, zonsezi ndi zakumwa zaulemu pa zokha, ndipo zingaikidwe pambali pa thobwa ndi munkoyo. Mwini nyumba wanzeru amakonza mtsuko waukuru wopanda mowa, ndipo botolo amalisunga yekha ndi supuni yake, nathira toti kwa okhawo amene apempha ndipo ayenera. Asathire botolo lonse m'ndowa imodzi, pakuti pamenepo mwana, mpongozi ndi mlendo wa mpingo adzamwa cimene sanafune.

Alipo amene sayenera kulawa ndi pang'ono pomwe. Lamulo liletsa kupatsa mowa mwana wosakwana zaka 18. Mai wapakati akamwa, mowa umafika kwa mwana m'mimba ndipo ungaononge ubongo wake moyo wonse. Amene ali pa mankhwala a cifuwa cacikuru, a khunyu kapena a Flagyl, ndi odwala ciwindi, apatsidwe ca mumtsuko. Amene ali pa mankhwala ena a tsiku ndi tsiku ayambe afunsa kucipatala. Woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena ngolo alekenso, pakuti mapiri ndi makona a pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa samakhululukira dalaivala woledzera. Ndipo munthu amene anasiya mowa atalimbana nawo asakakamizidwe ndi mau akuti ici ndi cotsekemera cabe. Cakumwa ciperekedwe nsima itadyedwa, osati pa mimba ya njala.

Palinso mwai wa ndalama umene suopa wapolisi. Caka ndi caka mango amaolera pansi m'midzi ya mafumu athu, kwa a Kalindawalo, a Mumbi, a Ndake ndi a Nyalugwe, ndipo nthoci zopsa zimatayidwa pa mseu. Magulu a amai angathe kuumitsa masau, mango ndi cidede mwaukhondo, kupera ufa wa malambe ndi kumanga bwemba m'mapaketi, ndi kugulitsa kwa apaulendo ndi m'malo ogona alendo, atafunsa a zaumoyo a ku khonsolo za malamulo a zakudya. Anthu a m'tauni amene akonda zakumwa zosakaniza ali kufuna zinthu zomwezi.

Makolo athu sanali kumwa mowa mwacisawawa. Unali ndi nthawi yake: pa dima nchito itatha, pa cinamwali, pa ukwati, pa kupepesa mizimu popempha mvula monga Ansenga acitira pa mwambo wa Tuwimba. Panali wamkuru wogawa, ndipo cikho cinali kuyamba ndi akulu. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwana wanu akadzatsika basi ndi botolo m'cikwama, tumani adzukulu akathyole bwemba ndi mandimu, wiritsani madzi, tsukani mtsuko, ndipo supuni yoyesera ikhale m'manja mwa munthu mmodzi wosaledzera.